Kamutu ka Shawa ya ku Likangala

"Munthu akatseka chitseko cha kubafa, usamaime pakhomo n'kumatchera khutu." Amayi anandiuza mawu amenewa kamodzi kokha, atanditsina khutu lomwelo, ndipo ndinawamvera. Lero ndine gogo, koma kamutu ka shawa ya m'bafa limenelo ndikadali nako. Kali m'chitini cha mabatani, kachitsulo kozungulira ngati chivundikiro cha kapu, kodzaza timabowo. Mdzukulu wanga amati ndi sefa ya tiyi. Ndimangomusiya. Ana amatola mawu m'nyumba n'kukawamwaza kwa aneba.

Chinali chilimwe choyamba bambo atamwalira, matipate atangoyamba kumene. Anthu anali atamasuka pakamwa, ankanyoza boma pamsika mopanda kucheuka. Koma matenda amene ankatha anthu m'nyumba zawo panalibe wowatchula dzina. Bambo anali kalaliki, ndiye maliro atatha tinauzidwa kutuluka m'nyumba ya boma ya m'munsi mwa phiri. Tinatsikira ku Likangala, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ine ndi amayi basi.

Kumtunda kuja tinkamwa madzi a Mulunguzi, ozizira, okoma, sopo ukangomukhudza thovu mbwee. Kunoko mwini nyumba anali ndi chitsime chake, ankapopera madzi m'thanki ya pamwamba pa zipilala. Madzi akewo anali amchere. Sopo ankangoterera pathupi osachita thovu, tsitsi linkauma ngati udzu, ndipo m'ketulo munkamera zoyera zolimba ngati njereza.

Amayi anasankha nyumbayo chifukwa cha shawa. Amalume, mchimwene wawo wa amayi, anaseka tsiku losamuka. "Achemwali, namfedwa n'kumafunanso kusamba chizungu?" Amayi anapitiriza kulowetsa katundu m'nyumba. Ine ndinkadziwa kuti ndowa yodzaza inali itayamba kuwalemera, ankaiika pansi kawiri asanafike nayo pakhomo. Akaweruka ku ofesi kumene ankataipa makalata, ankangovula nsapato n'kulowa kubafa. Madzi ankagwa pasimenti ngati mvula pamalata, phokoso lake nyumba yonse. Ankakhalitsamo. Ine ndinkati amayi ndi aukhondo.

Kenako timabowo tinayamba kutsekeka. Poyamba madzi ankatuluka mokhota, kamzere kena kulasa khoma, kena kuthira pachitseko. Dzuwa litafika poswa mtengo, kamutu konse kanali katayera, madzi akungotsika ngati ulusi. Phokoso lija linatha.

Tsiku lina madzulo ndinkasankha mpunga pakhonde la kuseri. Sindinali pakhomo la bafa ayi, lamulo lija sindinaliswe. Koma ndinamva. Amayi ankalira. Sikunali kulira kwa pamaliro kumene ndinkakudziwa, kokuwa ndi kutchula mayina. Kunali kwa pansipansi, ngati munthu waluma nsalu, n'kumadukizidwa ndi chifuwa. Mpunga unanditayikira m'lichero. Mawa lake ndinamvanso. Mkuja wake chimodzimodzi.

Mutu wa mwana umayenda njira yaifupi. Madzi ali ambiri amayi sankalira, madzi achepa amayi akulira. Ndiye kuti akulirira madzi. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndikabweza madziwo, amayi asiya kulira.

Ndinayamba ndi amalume, popeza anali munthu wa zitsulo, ankayendetsa lole. Anasuzumira m'bafa, manja m'thumba. "Ndi puresha imeneyi, thanki yafupika. Ndibwera ndi pulambala Loweruka." Ndinawafunsanso za chifuwa cha amayi. Anandisisita kumutu. "Ndi fumbi chabe, iwe. Mvula ikagwa chitha." Loweruka linadutsa, linanso linadutsa. Mpaka lero munthu akandisisita paphewa n'kunena kuti zitha, ndimayamba kuwerenga mbale zanga, kuopa kuti andinyamulira.

Ndinapita kwa aphunzitsi athu a sayansi, mayi wamtali wa magalasi. Ndinadikira anzanga atuluke, n'kuwafunsa chimene chingachotse zoyera zomera pachitsulo. "Mandimu, mwanawe. Njereza imaopa zowawasa. Uviike, usakande ndi mpeni." Atatero anandiyang'ana nthawi yaitali. "Amayi ako akupeza bwanji?" Ndinati ali bwino. Anatembenuka n'kuyamba kufufuta bolodi. Nawonso ankadziwa. Zomba ndi mzinda waung'ono, aliyense ankadziwa, kupatula ine amene ndinkagona nawo chipinda choyandikana.

Ntchitoyo ndinaigwira masana, amayi ali ku ofesi. Ndinavundikira ndowa n'kukwerapo. Kamutu kanali katamamatira kupaipi, manja ankangoterera. Ndinakakulunga ndi kansanza konyowa n'kupotokola ndi mphamvu zanga zonse, mpaka kanalira kuti kwee, tizidutswa toyera tikundigwera m'maso. M'kati mwake munali ngati zikamba za mazira zosakaniza ndi mchenga. Ndinafinyira mandimu m'bakuli, amene ndinathyola pamtengo wa mwini nyumba, n'kumizamo kachitsuloko. Panayamba kutuluka tithovu ting'onoting'ono, tikulira kuti sii. Ndinakhala chonjuta pansi kuonerera, ntchentche zikuzungulira bakuli, madzi a mandimu akuluma m'ming'alu ya zala zanga.

Zoyera zija zitafewa, ndinatenga mswachi wa bambo. Unali ukadali m'kapu pawindo, amayi anasamuka nawo ndipo sanautaye. Ndinatsuka nawo kamutuko kunja ndi m'kati. Kenako ndinatenga phini amene amayi ankamangira siketi yawo, poti inali itayamba kuwakulira m'chiuno, n'kumabaya kabowo kalikonse, n'kumakweza kachitsuloko kudzuwa kuona ngati kuwala kukudutsa. Pobwezera, madzi ankadontha m'mphepete. Ndinang'amba kachidutswa ka jumbo, kukulunga pamazinga a paipi, n'kumanganso. Nditatsegula mpopi, madzi anaphulika ngati mvula yoyamba. Ndinanyowa ndi yunifolomu yomwe, ndikuseka ndekha.

Madzulo amayi analowa kubafa monga mwa masiku onse. Ine ndinaima kukhitchini. Madzi anasokosa pasimenti. Ndinatchera khutu mmene ndikanathera. Madzi okhaokha. Kulira kunalibe, chifuwa kunalibe.

Anatuluka atamanga chitenje pachifuwa, mafupa a m'mapewa ali poyera, maso ali psuu. "Sopo wandilowa m'maso," anatero ndisanafunse. Ananunkhiza manja anga n'kumva mandimu. "Ndiwe wakonza?" Ndinagwedeza mutu. Anandikumbatira, thupi lawo lozizira ndi lopepuka ngati la mwana mnzanga. "Wandithandiza, mwana wanga. Uzichita chomwechi zikatsekekanso."

Ndinkachitadi. Madzi akangoyamba kukhota, ine ndi mandimu, mswachi ndi phini. Mwini nyumba anayamba kudandaula kuti mtengo wake ukutha ndiponso thanki sikukhalitsa. Sindinasamale. Amayi anasiya kupita ku ofesi. Anayamba kulowa kubafa ndi kampando, chifukwa kuima kunkawachititsa chizungulire. Koma madzi ankasokosa, ndipo ine sindinamvenso kulira ngakhale tsiku limodzi. Kusukulu ndinauza aphunzitsi kuti mandimu aja agwira ntchito, amayi ali bwino tsopano. Anangoti, "Chabwino, mwanawe."

Mvula inagwa monga ananenera amalume, chifuwa n'kuthadi. Tinawaika amayi nthaka ili yonyowa, ngumbi zikuuluka pamanda. Amalume anabwera ndi lole yawo kudzanyamula katundu, pulambala uja osaoneka mpaka tsiku limenelo. Anthu ali kalikiliki ndi mipando, ndinalowa kubafa, kukwera pandowa, kumasula kamutu kaja n'kukabisa m'diresi.

Panapita zaka zambiri ndisanamvetse. Ndinamvetsa mwana wanga wamkazi atandisiyira kamdzukulu aka, titabwerako kumanda. Kamwanako kanali pamphasa kakusewera ndi zitsekero za mabotolo, kakundiyang'ana. Miyendo inanditengera yokha kubafa. Ndinatseka chitseko, kutsegula madzi mpaka kumapeto, n'kuluma thaulo. Ndili momwemo ndinawaona amayi pakampando kawo.

Pano ndimakhala ku Sadzi. Madzi athu ndi a kuphiri, satseka mabowo, shawa yanga imasokosa bwino kwambiri. Aneba amandidziwa kuti ndine wovuta. Sindibwereketsa mchere, sindilandira chakudya cha eni, ndipo wondifunsa kuti ndadzuka bwanji ndimayamba ndamuyang'ana m'manja. Sindisintha, ndakula nazo.

Komabe ndikupempheni chinthu chimodzi, inu amene mumadutsa panjira ya kuseri kwa nyumba yanga popita kumsika. Mukamva madzi akusokosa kubafa kwanga nthawi yaitali, kupitirira kusamba kwa munthu mmodzi, gogodani. Ndidzayamba ndasuzumira pakatani. Mwina ndidzakukalipirani. Ndidzakuuzani kuti ndi sopo wandilowa m'maso. Musadzandikhulupirire, mudzakhale pansi pakhondepo ngakhale ndisakupatseni mpando. Musadzachite ngati kamtsikana kaja kanaima kukhitchini, manja akununkha mandimu, kakumva madzi okhaokha n'kumasekerera kuti kachiritsa amayi ake.