Njati ya mu Juni

Fungo la mankhwala otsukira mabala likandipeza lero, kaya m'chipatala kaya m'basi, limandibwezera m'nyumba yathu ya ku Etobicoke, pansanjika yachisanu ndi chimodzi, chapakati pa zaka za m'ma 1990. Linkasakanikirana ndi fungo la fumbi lopserera pa hita ndi la fodya wopichira papepala amene ankasutidwira pakhonde. Ndege zotsikira pabwalo la Pearson zinkadutsa m'munsi moti magalasi a mawindo ankanjenjemera. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chaka chimenecho pabalaza pathu panasanduka chipinda cha wodwala.

Wodwalayo anali amalume a Yotamu, mlongo wawo wamkulu wa amayi. Kwathu ku Zambia, m'chigwa cha Luangwa, ntchito yawo inali yolondola mapazi a nyama. Azungu obwera kudzasaka ankayenda m'mbuyo ndi mfuti, iwo patsogolo chimanjamanja, maso pansi. M'mwezi wa Juni njati inawabaya. Nyanga inalowa pantchafu yakumanzere, n'kung'amba mnofu mpaka m'chiuno, fupa n'kusweka. Mzungu amene ankamulondolera tsiku limenelo, a Doug, anali wa ku Canada konkuno, ndipo ndi iwo anakonza zoti amalume adzachitidwe opaleshoni ku Toronto. Kutchalitchi anthu ankati Mulungu awadalitse a Doug. Nafenso tinkatero popemphera tisanadye.

Amayi anali namwino, choncho m'mawa uliwonse, asanathamangire basi yokakwerera sitima yapansi, ankatsuka okha balalo. Ankandithamangitsa, koma ndinkasuzumira pampata wa chitseko cha kukhitchini. Pamene madokotala anacheka panali mzere wowongoka wa ulusi wakuda. Pamene panadutsa nyanga sipanali mzere ayi, panali chigwa chokhotakhota, chofiirira, chonyezimira ngati chiwindi cha m'butchala. Amalume ankaluma thaulo. Sankalira, koma thukuta linkatsika m'khosi mpaka kunyowetsa pilo, ndipo zala zawo zinkakanda nsalu ya sofa mpaka inayamba kusosoka.

Dokotala anati aziyenda tsiku lililonse, ndipo ndikaweruka kusukulu tinkatsika pachikepe, iwo ndi ndodo zawo ziwiri zachitsulo ndi jekete la atate lowafika m'mawondo. Iwo ankalankhula Chinyanja, ine ndinkayankha m'Chingerezi, koma tinkamvana. Kuseri kwa nyumba yathu kunali kanjira kotsetsereka kopita kukamtsinje, kokutidwa ndi mabango ndi udzu wautali umene Seputembala anali atayamba kuwumitsa. Tsiku loyamba ndinathamanga kulowa m'menemo monga ndinkachitira ndi anzanga.

"Tamanda, ima!"

Mawuwo anandimenya ngati mbama. Nditacheuka ndinaona amalume ataima pamene kapinga wotchetcha amathera, ndodo imodzi itagwa pansi, milomo yatuwa. Ndinaseka, n'kuwauza kuti ku Canada kulibe njati, kuli agologolo okha. Sanaseke. Anathothola tsamba louma, n'kulifikisa m'manja, n'kusiya zinyenyeswazo zigwe kuti aone kolowera mphepo. Atatero m'pamene anakhala pabenchi.

Pabenchi imeneyo, masabata otsatirawo, mitengo ya mapulo ikufiira ngati yapsa, anandiphunzitsa chaka chonse cha njati. Ankati njati ya mu Okutobala ndi ya mu Juni ndi nyama ziwiri. Mu Okutobala chigwa chimakhala chitapsa, udzu ndi phulusa, mitengo ya tsanya ilibe tsamba, zithaphwi zauma mpaka kung'aluka. Njati zilibe kwina kopita koma kumtsinje, ndipo m'mawa fumbi lawo umaliona uli kutali. Umasankha yamphongo yokalamba, umaona phewa lonse, chipolopolo chimalowa pamalo pake, pofika masana nyama yayanikidwa pamitanda. Koma mu Juni mvula yangotha kumene. Madzi ali paliponse, gulu lamwazikana, ndipo udzu wa kasensi watalika kuposa munthu woimika mkono. Ukhoza kuyenda tsiku lonse ukumva fungo la ndowe, ukumva timbalame todya nkhupakupa tikulira pamsana pake, nyamayo osaiona. Ukaona kanthu kakuda sudziwa ngati ndi phewa, mimba kapena thako.

"Ndiye ukailasa molakwika m'udzu woterowo," anatero tsiku lina, "siithawa. Imapita patsogolo pang'ono, n'kukhota, n'kudzaima pambali pa mapazi ake omwe. Iwe maso ako ali pamagazi pansi. Iyo maso ake ali pa iwe."

Ndinawafunsa chifukwa chimene anthu amasakira mu Juni ngati zili choncho. Anati mzungu amabwera pamene ku ntchito kwake amupatsa tchuthi, osati pamene udzu wapsa.

Pa tchuthi chothokoza cha mu Okutobala, chija anthu kuno amadya nkhukundembo, a Doug anatiitana kunyumba kwawo, kupitirira Markham kumene atate ankagwira ntchito, kumene nyumba zimatha n'kuyamba minda ya chimanga. Amayi anasita malaya oyera a amalume kawiri. Atate anatichenjeza m'galimoto kuti tikathokoze bwino, popeza opaleshoni yachiwiri, ya m'chiuno, inali isanachitike. Tinafika dzuwa lili paliwombo. A Doug anali munthu wamtali, wa nkhope yofiira ndi manja ofunda, ndipo anandipatsa chokoleti chachikulu ndisanavule n'komwe nsapato. Anakumbatira amalume n'kuwatcha m'bale wawo. Panali anzawo ena atatu ndi akazi awo, onse akufuna kugwira dzanja la munthu amene anabayidwa ndi njati n'kupulumuka.

Titadya, a Doug anatitsogolera kuchipinda chapansi. Munkanunkha chikopa ndi polishi wa matabwa. Makoma onse anali mitu: mphalapala, ngoma, nguluwe, zonse ndi maso agalasi. Pamwamba pa TV panali mutu wa njati, wakuda, waukulu kuposa tebulo lathu lodyera, nyanga zitakumana pachipumi ngati mwala. Amalume anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pampando wapakona, ndodo ataziika pamiyendo.

A Doug anatulutsa kaseti ya vidiyo imene mnzawo wina anajambula paulendowo. Amayi anati mwanayu akwere kumwamba, koma a Doug anaseka n'kunena kuti mbali zoipa anazidula kale. Ndinakhala pakapeti pafupi ndi phazi la amalume.

Poyamba panaoneka udzu wokhawokha, wobiriwira mosakanikirana ndi chikasu, wodzaza galasi lonse. Kenako msana wa amalume, ali ndi miyendo yawo iwiri yabwino, akuyenda chowerama. Pambali pawo panali bambo wina wamfupi, wa chipewa chofiira, atanyamula nkhwangwa paphewa. Ndinamva amalume akutchula dzina lake chapansipansi: Fakisoni. Pa TV amalume anaimika timitengo totsamiritsira mfuti, a Doug anatsamiritsa, mfuti inalira, ndipo kanthu kakuda kanagwedezeka m'udzu n'kusowa. Chithunzi chinadumpha. Tsopano anthu anali pamzere, akulowa m'kati, amalume akuloza magazi pamasamba a udzu, magazi akuda osakanikirana ndi zobiriwira za m'mimba. M'chipindamo wina anaika tambula yake pansi.

Njatiyo sinachokere kutsogolo. Udzu wa kumanzere unatseguka ngati chitseko chomenyedwa ndi mwendo. Ndinaona mutu ukutsika, ndinamva phokoso lalikulu ngati thumba la chimanga lagwa padenga, ndipo amalume anakwera m'mwamba, miyendo kumwamba, nsapato imodzi ikuuluka payokha. Atagwa, njatiyo inagwada pa iwo n'kuyamba kuwapera ndi chipumi, kuwakankhira m'matope, ikulira ngati galimoto yotitimira. Ndinamva mawu a amalume akukuwa, "Mayo! Mayo ine!" mawu amene sindinawamvepo pamene amayi ankatsuka bala. Chipewa chofiira chinathamangira komweko, nkhwangwa ili m'mwamba. Mfuti inalira kawiri motsatizana. Chithunzi chinadumphanso, ndipo panaoneka a Doug atagwada pambali pa njati yakufa, dzanja panyanga, osamwetulira kwenikweni.

Anzawo aja anaomba m'manja. Mmodzi anaimba mluzu.

Amalume anaimirira ndi ndodo imodzi. Analankhula m'Chingerezi chawo chodukaduka, mosakweza mawu, ndipo aliyense anamva. Anafunsa kuti chidutswa chinacho chili kuti. Anati abweze kaseti aonetse pamene Fakisoni akugwa. A Doug anayankha kuti ngoziyo inapha munthu wabwino, kuti onse akudziwa, kuti njati ndi nyama yoopsa.

"Njati sinyamula mfuti," anatero amalume. "Bowo linali pamsana pa Fakisoni. Ndinagona naye m'galimoto imodzi mpaka ku Mfuwe. Magazi ake anandilowa m'kamwa."

A Doug anatambasula dzanja ngati akufuna kuwagwira paphewa. Ndodo yachitsulo ya amalume inawapeza a Doug pakamwa. Ndinamva mano akusweka, kaphokoso kakang'ono ngati mbale yadothi yang'aluka. Anagwera pa TV, galasi linaphulika, mazenera a kabati yamfuti n'kugwedezeka. Amalume anamenyanso, pamkono umene a Doug anatchingira nkhope, ndipo mkonowo unapindika pamalo posapindikira. Akazi ankakuwa. Atate anawagwira amalume m'chiuno kuchokera kumbuyo, mzungu wina anawagwira pakhosi, ndipo onse atatu anagwa pamodzi pamwendo wodwala uja. Ulusi unaduka. Buluku lakuda la amalume linayamba kunyezimira, kenako magazi anatulukira m'munsi, kuyenderera pa sokosi, kufalikira pakapeti woyera mpaka pafupi ndi bondo langa. Sindinasunthe. Chokoleti chinali chitasungunuka m'dzanja langa.

"Alongo, basi! Mudzatiphetsa, basi!" amayi ankatero, atagwada, akumanga ntchafuyo ndi mpango wawo wakumutu.

A Doug anakhala tsonga pakati pa magalasi, magazi akutsika m'ndevu, dzino lili pachifuwa pa juzi. Mkazi wawo ananyamula foni kuti aitane apolisi. A Doug anapukusa mutu, n'kunena ndi m'kamwa modzaza magazi kuti aisiye. Ankalira, ndipo sikunali kulira kwa ululu wa mano.

Atate anayendetsa galimoto mpaka kuchipatala, amayi ali kumbuyo atapanikiza bala ndi manja onse awiri. Kunja dzuwa linali lidakali pamitengo yofiira, anthu akugula maungu m'mbali mwa msewu. Madokotala anawasokanso amalume tsiku lomwelo. Opaleshoni yachiwiri sinachitike. A Doug anaimba foni kangapo, atate anachonderera, abusa anabwera kudzakhala pasofa ndi Baibulo, koma amalume anati chiuno chawo chikhale momwemo. Kutchalitchi anthu anasiya kutifunsa za iwo. Chipale chofewa choyamba chitagwa mu Disembala tinawaperekeza ku Pearson, akukoka mwendo. Anandigwira pamutu n'kundiuza kuti ndiphunzire kuyankha akulu m'chilankhulo chawo. Sanalondolenso nyama mpaka imfa yawo.

Nthawi imeneyo nkhaniyi inali yosavuta kwa ine. Poyamba woipa anali njati, kenako woipa anakhala a Doug, ndipo amalume anali munthu wolimba mtima amene analanga wabodza. Ndinafotokozera anzanga kusukulu motero, ndikusonyeza ndi rula mmene ndodo inayendera.

Zotsalazo amayi anandiuza ndili wamkulu, titabwera kumaliro a amalume. Fakisoni anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, bambo wa ana anayi, ndipo ntchito yosenda zikopa anamupezera ndi iwo. Kulowa m'udzu kutsata njati yolasidwa amalume sakanakana, chifukwa miyezi imeneyo amayi a m'midzi yapafupi amamweta udzu wofolerera nyumba m'madambo omwewo, ndipo njatiyo ikanawapha. Chimene akanakana chinachitika poyamba. Linali tsiku lomaliza la ulendo wa a Doug, anali atayenda masiku ambiri osaona njati yoonekera bwino, ndipo amalume anawamvera chisoni. Anaona kanthu kakuda m'kasensi, osadziwa ngati ndi phewa kapena mimba, n'kuimika timitengo tija ndi manja awo, n'kunong'oneza kuti waombani. Ndili mwana ndinkaganiza kuti m'chipinda chija amalume ankamenya munthu mmodzi. Tsopano ndikuganiza kuti olakwa ankawawerenga awiri, ndipo winayo, amene anali iwo eni, anamulanga pokwera ndege chiuno chili chosweka.