Galimoto Imene Mng'ono Wanga Anaisiya Iole

Mng'ono wanga ndi telala. Makina ake ali pakhonde la golosale, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Si munthu wolongolola. Akapsa mtima amangodula ulusi ndi mano, sizasi ili pomwepo.

Mwamuna wake anamwalira pa 9 Juni 2017, n'kusiya galimoto yoyera imene anagula mothandizana, yolembetsedwa m'dzina la mng'ono wangayo. Sabata isanathe, mkulu wake wa malemuyo anabwera kudzabwereka makiyi kuti akatule abale kudepoti. Bamboyu ana amamutcha a Chipewa, chifukwa savula chipewa ngakhale m'nyumba ya eni. Galimotoyo sinabwerenso. Anayamba kunyamulira anthu pamsewu wa kumsika n'kumawalipiritsa. Mng'ono wanga ankaiona ikudutsa pakhonde pake itadzaza thothotho, madengu a tomato ali pampando umene ankakhalapo iye. Akafunsa, ankamuyankha kuti munthu wosadziwa ngakhale kuliza hutala galimoto achita nayo chiyani.

Inshuwalansi itatha mu Okutobala, a Chipewa anamukumbukira mlamu wawo, poti wosaina ndi mwini galimoto. Ku ofesi kalaliki anawafotokozera mitengo itatu. Yotsika imalipira okhawo amene mwawagunda, yanu mukakonza nokha. Yapakati imakonza ndi yanu yomwe, bola ikhale yoyendera banja. Yokwera ndi ya galimoto yonyamula anthu olipira. Atafunsidwa ntchito ya galimotoyo, a Chipewa anayankha msanga kuti kutchalitchi ndi kuchipatala basi, uku ataponda phazi la mng'ono wanga pansi pa tebulo. Kalaliki anachenjeza kuti akasankha yapakati n'kuchita ngozi muli anthu olipira, kampani sidzakonza kanthu. A Chipewa anaseka, nafunsa ngati kampaniyo ili ndi maso pamsewu. Mng'ono wanga anasaina, ndipo chaka chotsatira anasainanso.

Pa 3 Febuluwale 2019 kunagwa mvula yamphamvu, ndipo a Chipewa anakaomba chipilala cha mlatho. Palibe anafa, koma kutsogolo kwa galimoto kunafwanyika. Pomwepo anabwezera okwerawo ndalama zawo, n'kuwaphunzitsa kuti akafunsidwa azinena kuti ndi abale, amapita kukazonda wodwala. Onse anavomera. Anatsala ndi munthu mmodzi: wofufuza wa kampani amayenera kumva kwa mwini galimoto.

M'mawa mwake a Chipewa anafika pakhonde paja chipewa chili m'manja. Wometa anasiya mutu wa kasitomala theka kuti aone dazi limene anali asanalionepo. A Chipewa anati magazi ndi amodzi, anati ana a malemu ndi ana awo, anati galimoto ikakonzedwa adzakhala pansi n'kukambirana bwinobwino. Mng'ono wanga anangopitiriza kupinda siketi.

Inenso ndinamulangiza kuti angovomera za abalewo, galimoto ikonzedwe, za makiyi tikadandaule kukhoti. Anandifunsa kuti ikakonzedwa, kugalaja akaitenga ndani.

Wofufuza anabwera pa 11 Febuluwale. A Chipewa anaima kuseri kwa mzati wa golosale, khutu lili tcheru. Wofufuzayo anafunsa ngati anthu anali m'galimotomo anali abale.

"Abale anga ndimawadziwa onse, bambo," anatero mng'ono wanga. "Palibe amene amayenda ndi madengu a tomato kukazonda wodwala. Pitani pasiteji ya kumsika mukafunse galimoto yoyera ya a Chipewa. Ngakhale ogulitsa nthochi akuuzani mtengo wokwerera."

Wofufuzayo anamufunsa ngati akudziwa kuti woluza ndi iye mwini, chifukwa galimoto ndi yake ndipo amene anasaina zabodza ndi iyeyo.

"Ndikudziwa. Lembani."

Kampani inakana kulipira pa 27 Febuluwale. A Chipewa anayenda m'nyumba za abale onse kulengeza kuti mkaziyu ndi njoka, wapha chuma cha ana ake omwe. Kenako anapeza makaniko wofuna kugula injini ndi matayala, koma makanikoyo anati sagula popanda chilolezo cha mwini. Mng'ono wanga anasoka mayunifolomu a sukulu mwezi wathunthu, nalipira lole yokoka, n'kuikokera galimotoyo kuseri kwa nyumba yake. Ili pomwepo mpaka lero. Matayala anaphwa, m'mipando munamera nkhungu, udzu unatulukira m'boneti.

A Chipewa masiku ano amayenda wapansi, ndipo njira ya kumsika imadutsa pampanda pomwepo. Mwezi watha ndinali kumeneko pamene anasuzumira.

"Alamu, tigulitse injiniyo tigawane. Ikungoola iyi."

"Ikuola bwino, alamu," anatero mng'ono wanga akuyanika zovala. "Musaisokoneze."