Galimoto Yomwa Madzi ya Alamu Anga

Sabata yathayi alamu anga a Lameki anandiuza kuti galimoto yawo yayamba kumwa madzi.

Ananena izi pabwalo la nyumba yawo ku Dambe, boneti ili chitsegulire, nkhope ikuwala ngati ya munthu wongobatizidwa kumene. Ndinapitako kukaona mlongo wanga Esinati, amene ndi mkazi wawo, ndipo m'mawa mwake ndimayenera kubwerera ku Boma. A Lameki amayendetsa takisi pakati pa Dambe ndi Mchinji Boma. Kagalimoto kamodzi komweko ndi kamene kamadyetsa banja lonse.

"Tabwerani muone, alamu," anatero.

Pambali pa batire anamangirirapo botolo lagalasi, lalikulu lija timagulira mayonezi. M'kati mwake munali timapuleti ta chitsulo chosachita dzimbiri, todulidwa bwino, tosanjidwa moyandikana koma tosakhudzana. Munalinso madzi osungunuliramo soda, yemweyu wophikira therere. Mawaya awiri amachokera ku batire n'kulowera pa chivindikiro, ndipo kapaipi kapulasitiki kamatuluka pamwamba kupita pamene injini imakokera mpweya.

Ataliza injini, madzi aja anayamba kutuwa, kenako kuchita thovu.

"Ameneyo ndi hayidirojeni," anandiuza. "Mpweya umene umakhala m'madzi. Magetsi akautulutsa, umayaka kuposa petulo. Ukalowa mu injini, galimoto imangonyambita mafuta, simamwanso ayi."

Ndinafunsa kuti nzeruzo anazitenga kuti. Anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa mzungu wina wandevu ali m'galaja, akumwetulira, botolo lake likuchita thovu chimodzimodzi.

Esinati amamva zonsezi ali pakhonde, akusenda mtedza. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Achimwene, muwafunse kumene kwapita mbale zanga zija anandipatsa anzanga a ku tchalitchi pa ukwati."

A Lameki anaseka. "Mbale zikugwira ntchito, amayi a ana. Zikukoka galimoto."

Mwina mwayamba kuseka nanu, inu owerenga. Musafulumire. Kodi munayamba mwaimapo pa mzere wa mafuta kuyambira dzuwa lisanatuluke mpaka kulowa, n'kumva kuti atha patangotsala galimoto zochepa kuti mufike? Munayamba mwagulapo petulo wa m'chigubu kuseri kwa golosale, osadziwa ngati wasakanizidwa ndi palafini? Kuno kumalire timawaona anthu akuwoloka pa njinga, zigubu zitakutidwa ndi masaka, kukasaka mafuta tsidya linalo. Mphepo ikatembenuka, a tsidya lija ndi amene amabwera kudzasaka kwathu. Munthu amene moyo wake uli mu thanki sagona tulo tabwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo a Lameki anatsekula chitseko chimene anachipeza pafupi.

Kunena zoona, nanenso mtima wanga unkafuna kuti zitheke.

M'mawa tinanyamuka. Ine ndinakhala kutsogolo. Kumbuyo kunali azibambo awiri opita ku msika, ndi mayi wina amene tinamupeza ataima pa mphambano, chikwama pamutu, maso ofiira. Anati ndi amayi a Filipo, iwo ndi amuna awo ndi matenanti pa esiteti ina ya fodya chakomweko, koma kwawo ndi ku Phalombe. Dzulo lake analandira uthenga woti amayi awo owabereka amwalira, ndipo mwambo woika maliro unali wa tsiku lotsatira. Amafuna kupeza minibasi ya m'mawa ku Boma, kuti akafike ku Lilongwe mabasi opita kummwera asanathe.

"Mukafika, mayi, musadandaule," anatero a Lameki.

Tili m'njira ndinaponya diso pa geji ya mafuta. Muvi unali utagona pansi.

"Alamu, mafutawa atifikitsa?"

"Gejiyo sidziwa za botolo," anayankha. "Imawerenga za m'thanki zokha."

Tinafika pa kamsika kena pomwe bambo wina amagulitsa petulo m'mabotolo pansi pa mtengo wa mango. Ataiona galimoto ananyamula botolo limodzi m'mwamba. A Lameki anangomuimbira huta n'kudutsa. Ine sindinawakakamize kuti aime. Galimoto ndi ya mwini, ndipo mlamu saphunzitsidwa ntchito pamaso pa anthu okwera.

Sitinapite patali kwenikweni. Pa kamtunda kena, pakati pa minda ya chimanga chokololedwa kale, galimoto inakhosomola, n'kudzuka, n'kukhosomolanso, basi zii. A Lameki anapotokola kiyi. Injini inabuula pang'ono ngati wodwala wotembenuka pa mphasa, n'kusiya. Mafuta anali atatha, ndipo batire nayonso inali itafooka.

Atatsegula boneti tinamva fungo la pulasitiki wopsa. Botolo linali lotentha losagwirika, madzi aja atasanduka ofiirira ngati a m'chithaphwi, ndipo waya mmodzi anali atasungunuka khungu.

Azibambo awiri aja sanataye nthawi. Ananyamula matumba awo n'kuuyamba wapansi, akung'ung'udza. Amayi a Filipo anatsika, n'kukhala pa chikwama chawo m'mphepete mwa msewu.

"Ndiye titani, bambo?" anafunsa. Sanakweze mawu. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Ndikubwera pompano, mayi," anatero a Lameki. Anatenga chigubu n'kubwerera wapansi kwa bambo wa pansi pa mango uja.

Tinatsala awiri. Dzuwa limakwera. Njinga zamoto za kabaza zimadutsa, koma iliyonse itanyamula kale anthu ndi katundu. Ine ndimangoyendayenda, kupita kutsogolo kwa galimoto, kubwerera kumbuyo, kusuzumira msewu ngati kusuzumirako kungaitane galimoto ina. Mayiwo amangopinda ndi kupindula nsonga ya chitenje.

Foni yawo inalibe mayunitsi, choncho anandipempha yanga kuti aimbire mchimwene wawo ku Phalombe. Ndinamva akunena kuti, "Muwauze andidikire. Ndikufuna ndiwaone nkhope." Atandibwezera foni anandiuza kuti papita zaka asanapite kwawo. Chaka chilichonse amati akagulitsa fodya apita, ndipo chaka chilichonse pamapezeka china.

Ndinaika foniyo m'thumba n'kuyang'ananso msewu.

A Lameki asanabwere, panatulukira lole yonyamula mtedza. Ndinaima pakati pa msewu mpaka dalaivala anaima. Ndinamufotokozera, ndipo iye anawapatsa amayi a Filipo malo pamwamba pa matumba. Lole inanyamuka mwaulesi, ikufuka utsi, mayiwo atagwira chikwama ndi dzanja limodzi, linalo atagwira chingwe.

Alamu anga anafika thukuta lili kamukamu, chigubu paphewa. Anayang'ana pamene panakhala mayi paja.

"Apita?"

"Apita pa lole."

Tinathira mafuta, tinapempha anthu odutsa kuti atikankhe, ndipo tinakafika ku Boma dzuwa litapendeka.

Nkhaniyi sinandichoke m'mutu, moti tsiku lotsatira ndinapita kwa mnzanga a Mwale, amene amaphunzitsa sayansi pa sekondale ina konkuno. Ndinawafotokozera za botolo lija, ndikuyembekeza kuti aseka. Sanaseke.

"Mpweyawo ndi weniweni," anatero. "Alamu anuwo sananame. Magetsi amalekanitsadi madzi, ndipo chotulukacho chimayaka. Koma tandiuzani, magetsiwo akuchokera kuti?"

"Ku batire."

"Nanga batire imatchajidwa ndi chiyani?"

"Injini."

"Injini imadya chiyani?"

"Petulo."

"Mwaona," anapitiriza. "Injini ikuwotcha petulo kuti ipange magetsi, magetsi apange mpweya, mpweya ubwerere mu injini. Paliponse pamene mphamvuyo ikudutsa, ina ikutayika. Kutentha kwa botolo kuja ndi petulo wawo amene amapita pachabe. Ng'ombe singanenepe poyamwa bere lake lomwe."

Anawonjezera kuti mpweya umenewu suchedwa kugwira moto, ndipo botolo lagalasi pafupi ndi injini yotentha likhoza kuphulikira munthu kumaso. Kenako anafunsa funso limene landisowetsa mtendere mpaka lero: "Kodi anayesapo? Kuthira mafuta ofanana, kuyenda msewu womwewo, ulendo wina ndi botolo, wina popanda botolo?"

Sanayesepo. Anaona thovu, n'kukhulupirira.

Apa ndiye pali nthenda yathu, abale anga. Siili kwa a Lameki okha. Pitani pa siteji iliyonse mukamve zimene madalaivala akuuzana. Wina akuponya timibulu m'thanki, akuti timachulukitsa mafuta. Wina wamangirira maginito pa paipi ya petulo. Wina amazimitsa injini pa mtsetse uliwonse, anthu ali m'kati, mabuleki akulimba. Mukafunsa kuti zikugwiradi ntchito, yankho ndi limodzi: "Ndikumva kuti galimoto yapepuka." Kumva. Kodi thanki imamva?

Foni zatibweretsera aphunzitsi ambiri amene sitingawafunse funso. Munthu wa mu kanema uja amaonetsa tsiku limene botolo likuchita thovu. Tsiku limene waima pakati pa minda, ndi munthu wolira kumbuyo, sajambula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe sindikufuna kuti muchoke pano mukuti a Lameki ndi chitsiru. Ndinaona timapuleti tija. Anatidula ndi sowo ya zitsulo, n'kutipala mpaka kusalala, n'kuboola mabowo ofanana popanda makina. Munthu amene sanapite patali ndi sukulu anamvetsa yekha kuti m'madzi muli mpweya woyaka, ndipo anautulutsadi. Manja otere ndi chuma. Chimene chikundiwawa n'chakuti kuchokera ku Dambe mpaka ku Boma analibe khomo loti agogodepo n'kufunsa kuti, "Ichi ndapangachi, chili bwino?" A Mwale ali ndi yankho, koma yankho lawo limathera m'kalasi, kwa ana amene akungofuna kukhoza mayeso. A Lameki ali ndi funso, koma funso lawo limathera pa siteji, kwa anzawo amene ali ndi njala yofanana ndi yawo. Anthu awiriwa amagula tomato pa msika umodzi, koma sanakumanepo.

Timakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Koma akafuna kufunsa, akafunse kwa yani?

Pali chinanso. Munthu ali ndi ufulu woyesa nzeru zake pa galimoto yake, pabwalo lake, ngakhale pa mbale za mkazi wake ngati mkaziyo walola. Koma ukanyamula anthu, nkhani yasintha. Amayi a Filipo sanauzidwe kuti akukwera galimoto yoyeserera. Iwo anakwera takisi. Anthu angati m'dziko muno amakwera zoyeserera za ena tsiku ndi tsiku, osadziwa? Matayala osokedwa ndi waya, mabuleki othiridwa madzi a sopo, thanki ya chigubu pansi pa mpando. Timakwera, timapemphera, tikafika timati Mulungu ndi wabwino.

Nambala ya mchimwene wa mayi aja inatsala mu foni yanga. Ndinazengereza, koma pamapeto pake ndinaimba. Anayankha bambo wa mawu otopa. Anati mlongo wawo anafika ku Lilongwe kutada, chifukwa minibasi imene anakwera ku Boma nayonso inakaima pa mzere wa mafuta. Mabasi a kummwera anali atapita. Anagona pa depoti, n'kukwera ya m'mawa. Kumudzi anadikira mpaka pamene sakanathanso kudikira. Mlongo wawoyo anatsika njinga ya kabaza anthu akuchokera kumanda.

"Anangoona dothi," anatero bamboyo.

Sindinganene kuti mlandu wonse ndi wa botolo. Mzere wa mafuta uli ndi gawo lake, lole yaulesi ili ndi gawo lake. Koma maola amene tinataya pakati pa minda paja ndi omwe anasowa kumapeto.

Ndinawaimbira a Lameki n'kuwauza zonse, za mayi aja ndi za a Mwale zomwe. Ndikudziwa kuti zinawakhudza, chifukwa si munthu wouma mtima. Atayankhula, mawu anali otsika.

"Zandipweteka, alamu. Mayi aja ndinawalonjeza."

Anapumira m'mwamba, kenako anati, "Koma ndaganiza bwinobwino. Soda ndi amene anachuluka. Ndiponso waya uja anali wochepa."

Dzulo Esinati wandiimbira. Akuti kunyumba kwafika madalaivala awiri, aliyense ndi botolo lake la mayonezi, kudzapempha kuti awapangire. Mbiri yafika pa siteji kuti a Lameki ali ndi galimoto yomwa madzi, koma mbiri ya kamtunda kaja sinafike. Mmodzi mwa awiriwo ndi amene anthu a kumeneko amamuimbira mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka, kuti athamangire naye ku chipatala.

Ndawapempha a Mwale kuti Loweruka likubwerali tipitire limodzi ku Dambe, tikatenge chigubu, tikayese pamaso pa madalaivala onse, ulendo wina ndi botolo, wina popanda. Avomera. A Lameki sanavomere, sanakanenso. Chimene sindikudziwa n'chakuti mabotolo awiri aja akhala atamangidwa kale kapena ayi pofika tsikulo, ndipo ndikamalemba izi ndikungodzukadzuka pa mpando.

Inu amene mukudziwa zinthu, amene mumatha kuona bodza la mu kanema musanamalize n'kuonera komwe, mudzatuluka liti m'makalasi ndi m'maofesi mwanu kubwera pa siteji, mayi wina asanaberekere m'mphepete mwa msewu?