Chifuwa cha a January Chinakana Kupola

A January Mwanakombo anachoka ku Nsanje ali mnyamata, nadzapeza ntchito yonyamula matumba a feteleza ku Makata. Anagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anzawo akamapuma wefuwefu, iwo ankakweza thumba paphewa akuimba nyimbo za Chisena.

Kenaka mpweya unayamba kuwaperewera. Adokotala anati kachitseko kena ka mumtima sikakutseka bwino. Atadikira zaka ziwiri pamndandanda, anawatumiza ku India kukachitidwa opaleshoni. Atabwerako, kutchalitchi kwawo ku Bangwe amayi analuluta mpaka mawu kusasa, ndipo a January anaima kutsogolo kuchitira umboni kuti achira.

Patapita milungu isanu ndi umodzi, thupi linatentha, pachifuwa pakubaya ngati mpeni. Akagona chagada ululu unkakula. Ankapezako bwino akakhala pampando n'kuweramira kutsogolo.

"Kathumba kokuta mtima katupa, ndipo mukulowa madzi," anatero dokotala. "Zimachitika munthu akang'ambidwa pachifuwa. Imwani mapilitsi awa."

Anamwa, napezadi bwino, nabwerera ku Makata. Kapitawo anawapatsa tsache m'malo mwa matumba. Miyezi itatu isanathe, kutupa kunabweranso. Kachitatu, anachita kuwapopa madziwo ndi jakisoni wamkulu. Kachinayi, kuntchito anawauza mwaulemu kuti akapume kunyumba.

Mapilitsi anawatupitsa nkhope, m'mimba namawotcha. Akawachepetsa, ululu unkadzuka.

Tsiku lina anafunsa dokotalayo, "Kodi zidzatha liti?"

"Kwa ena zimatha, bambo."

"Nanga kwa ine?"

Dokotala anangoyang'ana pafailo.

A Ursula, akazi awo a January, amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe. Masiku ano amapita nawo a January kumsikako, chifukwa amaopa kudzawapeza atagwa okha m'nyumba. Amawakhazika kuseri kwa benchi, chigongono pabondo, mutu uli pansi. Ogula ena amayesa ndi munthu woledzera.

Mwezi wathawu, ali kumsikako, a Ursula anati, "Bambo a Stacy, ndamva kuti kwabwera madokotala achilendo. Tikayeseko mawa."

"Tapita kangati, mayi?"

"Ndiye tingokhala?"

A January anasisita chipsera chawo, chochokera pakhosi kufika pamimba.

"Ine ndatopa. Mukandifunire ndalama ya basi, ndikaone abale anga ku Nsanje miyendo ikadayenda."

A Ursula anatembenukira kwa mtsikana amene ankafunsa mtengo wa chitenje. Anamuuza mtengo wolakwika, mtsikanayo n'kumapita.