Mphete ya Noreen Nitschke

M'nyengo yachisanu ya 1961, Lolemba pa 5 Juni, Noreen Nitschke anatsika basi pa siteshoni yathu yoonera masetilaiti ya m'chipululu, kumpoto kwa tauni ya Port Augusta. Anali mwana wa mlimi wa tirigu, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anamupatsa tebulo loyandikana ndi langa m'chipinda choyezera.

Ntchito yathu inali ya maso. Amuna ankajambula masetilaiti chakumadzulo ndi m'bandakucha, zithunzizo n'kubwera kwa ife pa magalasi, kamzere kamodzi pakati pa nyenyezi. Ife tinkawerama pa maikulosikopu kuyeza pomwe kamzereko kadutsa. Setilaiti youluka m'munsi imakankhidwa pang'onopang'ono ndi mphepo ya kumwambako, ndipo akatswiri ankapeza liwiro la mphepoyo m'manambala athu. Noreen ankatsiriza magalasi khumi ife tikulimbana ndi lachisanu. Ntchitoyo ankaikonda moti ankaiwala tiyi.

Masiku amenewo lamulo linali lakuti mkazi wa ntchito ya boma akakwatiwa achoke. Tinkamukonzera keke, bwana wathu Bambo Pengilly n'kumupatsa nsalu ya patebulo, basi.

Noreen anakwatiwa mwachinsinsi Loweruka pa 12 Malichi 1966, ndi Janis Ozols, wa ku Latvia, amene ankayendetsa galimoto ya madzi. Mboni ndinali ine. Anabwerera ku nyumba yomwe atsikana a pa siteshoni tinkagona ngati sikunachitike kanthu, mphete ataimangirira ku ulusi m'khosi, m'kati mwa bulauzi.

Pa 11 Okutobala kunatentha msanga, iye n'kumasula batani la pakhosi. Sabata yonse fumbi linali litaphimba thambo, ndipo galasi labwino linalipo limodzi lokha. Atawerama, mphete inatuluka n'kukanda galasilo, chodutsa pa kamzere komwe.

Bambo Pengilly anasuzumira m'maikulosikopu nthawi yaitali, kenako anatiitana tonse.

"Atsikana, bwerani muone. A Nitschke atipezera setilaiti yachiwiri."

Dulcie Trengove, amene ankasirira tebulo la Noreen, anayamba kuseka.

"Pepani bwana," anatero Noreen. "Mbali inayo ikhoza kuyezekabe."

"Ayi, yezani yatsopanoyi. Tiuzeni, mphepo yake ikuchokera kuti? Ku galimoto ya madzi?"

Anamuimirira kumbuyo mpaka Noreen atayeza pokandikapo n'kuwerenga manambala mokweza. Kenako bwanayo anakoka ulusi uja ndi nsonga ya pensulo.

"Tsono tizikuitanani mayi ndani?"

"Mayi Ozols."

"Ozols! Alimi onse a tirigu anatha?" anatero Dulcie. "Iwe, uzikamwa madzi aulere."

Bambo Pengilly anatembenukira kwa ine. "Inu a Hocking, mumakhala naye pafupi. Munkadziwa?"

Ndinati ayi. Dzina langa linali m'buku la ukwati wake, koma ndinati ayi, n'kuonjeza kuti ndadabwa kwambiri. Noreen sanandiyang'ane.

Anamupatsa masiku atatu oti aphunzitse Dulcie kayezedwe kake, ndipo anamuphunzitsa bwino, osabisa kanthu. Anapempha kuti amulole kutsiriza magalasi a mwezi umenewo. Bambo Pengilly anati manja a mkazi wa mwini ali ndi ntchito zina. Keke sitinamukonzere, poti bwana anati wonama sadyeredwa keke. Nsalu ya patebulo inatsala m'kabati.

Lamulo lija linachotsedwa mwezi wotsatira. Noreen analemba makalata awiri kupempha malo ake, koma tebulo linali la Dulcie, ndipo sanayankhidwe. Ine ndinakwatiwa mu 1968 osachoka, ndinagwira mpaka 1979. Za iye ndinangomva kuti ankachapa zovala pa hotela ina ku Whyalla.

Tsiku lochoka palibe anamuperekeza ku geti. Ndinamuonera pawindo akukwera galimoto ya madzi ya mwamuna wake, nthawi ya tiyi, Lachisanu pa 14 Okutobala 1966.