Giya Inali ya a Asiyatu

Ndinanyamuka ku Balaka Lachinayi dzuwa litangotuluka, matumba awiri a mpunga ali kumbuyo kwa pikapu yanga yakale ija. Mawa lake kunali sadaka ya akazi anga, a Asiyatu, patatha masiku makumi anayi chimwalirireni. Amalume awo kwa Kalembo anali atandiuza kuti mpunga ufike dzuwa lisanalowe, poti amayi amaupeta madzulo n'kuphika m'mamawa. Ine ndine Mkatolika wa kwa Nsamala, ndipo akuchikazi aja sankandiwerengera kwenikweni. Ndikanalephera mpungawo, kaya ndikanapondanso bwanji pamudzi pomwe pali ana anga.

Tsono galimotoyi inali ndi matenda ake. Ndodo ya giya inkagwedera ngati dzino la nkhalamba. Ukaika giya yachitatu, pabampu imachoka yokha. Zaka zinayi osakonzetsa. Nanga ndikanakonzetseranji? Ulendo uliwonse wokapikula nsomba, a Asiyatu ankakhala pambali panga, dzanja lawo lili pandodopo kuti isachoke. Ankati, "Inu yendetsani, giyayi ndi yanga."

Tsikuli ndinayesa ndekha, dzanja lina pachiwongolero, lina pandodo. Pa Chiyendausiku ndinazemba njinga ya makala, ndinasiya ndodo, giya n'kuchoka. Kuifunafuna, osaipezanso. Ndinakwawa ndi giya yachiwiri, apanjinga akundipitirira, wina mpaka kundipatsa moni. Pamphambano yopita kwa Kalembo ndinaima kaye. Ndinati ayi, mabampu a uko sindingawathe chonchi, bola ndiwoloke Shire ndikapeze makaniko ku Liwonde.

Pamlatho panali anyamata achipani ofunsa makhadi. Ndinatsegula kabokosi n'kuwapatsa awiri, monga mwa chizolowezi.

"Khadi linali mwini wake ali kuti, bambo?"

"Anatisiya mwezi watha."

Mnyamata amene anafunsayo anandibwezera ndi manja awiri.

Cha m'ma teni ndinapeza makaniko pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi njanji, mkulu wa imvi dzina lake Che Saidi. Anagwedeza ndodo ija kamodzi n'kuseka.

"Achimwene, iyi ndi giya kapena mchira wa mbuzi?"

Analowa kunsi kwa galimoto chagada, n'kundiitana kuti ndione. Ndodo ija kunsi kwake imalumikizana ndi kachitsulo kopita ku giyabokosi, ndipo polumikizirapo pamakhala timphira tobowola pakati, amati mabushi. Anga anali atatha. Anamasula bawuti, zotuluka zinali zinyenyeswa zakuda zokhazokha.

"Atsopano muli nawo?" ndinafunsa.

"Iyayi. Amenewo ndi ku Limbe, mubwere Lolemba."

Ndinawafotokozera za sadaka ija. Anakatenga chidutswa cha paipi yamphira yolimba ya thirakitala. Anayeza ndi bawuti ija, kudula ndi mpeni, kupala pamwala, kuyezanso. Kamphira koyamba kanakula, kachiwiri kanang'ambika. Ine ndinagula chambo chokazinga ndi chinangwa, koma chambo chathunthu munthu mmodzi sichitha. Mutu ankadya ndi a Asiyatu. Ndinangoukulunga m'pepala, sindikudziwa kuti ndinkasungira ndani.

Dzuwa litapendeka Che Saidi anapaka girizi, kukhomera timphira tatsopano tomwe anadula, kumanga bawuti. Atakhala pampando kuti ayese, anaweramira mutu wa ndodo ija.

"Koma yaperepeseka mbali yakumanzere, ya wokwera. Amagwira ndani apa?"

"Amayi a kunyumba."

"Anali ndi dzanja," anatero. Anandilipiritsa makwacha atatu, n'kuti ndikapereke moni pa sadakapo.

Ndinawolokanso mlatho cha m'ma fili. Giya inkalowa ngati kiyi pa loko, yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pabampu loyamba ndinayembekeza kuti ichoka. Sinachoke. Lachiwiri, sinachoke. Ndinayenda manja onse ali pachiwongolero, ndodo itaima yokha njo, osafuna munthu. Kunena zoona, apa m'pamene ndinalira, kuposa tsiku la maliro.

Kwa Kalembo ndinafika dzuwa likanalipo. Amayi anathamangira mpunga ndi malichero awo, ana anga n'kundigwira miyendo. Amalume aja anasuzumira m'galimoto, poti mudzi wonse unkadziwa za ndodo ija.

"Mwabwera nokha? Nanga giya wakugwirirani ndani?"

"Palibe. Ndakonzetsa."

Anayang'ana ndodoyo nthawi yaitali. Kenaka analowa m'nyumba n'kutulutsa mpando okha, zomwe sanandichitirepo chikwatirireni.

Nditakhala pampandopo ndinaganiza: makwacha atatu okha, ndi paipi yotayidwa. A Asiyatu ankasunga ndalama zathu zonse, ndipo pa Liwonde tinkadutsapo sabata iliyonse. Sananenepo ngakhale tsiku limodzi kuti tikakonzetse. Nanenso sindinanenepo.