Mawaya a Datsun ya Adadi

Anzanga, Stephano ndinakumana naye pageti pathu ku Kawale, dzuwa likuswa mtengo. Ankasuzumira Datsun ya malemu adadi, yomwe inali itasanduka chogonamo nkhuku.

"Sister, mukugulitsa?"

"Siilira," ndinayankha mwamwano. "Amakaniko atatu anailephera. Inu ndiye ndani?"

Anangoseka. Ndisaname, kusekako ndi kumene kunandigwetsa.

Galimotoyi ili ndi mbiri yake. Poopa akuba, adadi anaika distributor, pochokera mawaya anayi a mapulagi, mokhotetsa mwanjira yawoyawo, n'kulemba manambala abodza pamawayawo. Akaimika ankawazula. Ukatsatira manambalawo, inkangophulika ngati mfuti.

Komabe akuba anawapeza ku Chinsapo, n'kuwavulaza kwambiri. Galimoto inapezeka ku Area 25 mawaya ali ozula, adadi n'kumwalira kuchipatala.

Stephano anayamba kubwerabwera. Tchipisi cha pachiwaya, ma bundle, "Jemima wadya?" Ine wamakanine ndinafewa ngati nthochi yakupsa. Ndinamukonda zenizeni.

Loweruka lina anabwera ndi batire ndi petulo m'kachigubu.

"Babe, lero ndikuukitsira mdala wakoyu," anatero akusisita galimotoyo.

Amakaniko aja ankayamba atembenuza injini ndi sipanala, kufufuza pulagi yoyamba kuyaka. Iye ayi. Ngakhale manambala sanawayang'ane. Maso ali pa ine, akundiseka za tsitsi langa, zala zikungolumikiza zokha... uyu apa, uyu apo.

Kiyi kamodzi kokha. Inalira!

Nthawi yomweyo kaseti ya kwaya ya adadi inayamba kuimba, pakati pa nyimbo, pomwe inalekezera tsiku lija.

Stephano nkhope inasintha. Anapisa dzanja pansi pa mpando, n'kudina kaswitchi kozimitsira kasetiyo. Kaswitchi kameneko adadi anakabisa okha, ndipo ine sindinamuuzepo.

Amayi anatuluka thovu la sopo lili m'manja.

"Wailiza ndani?"

"Ndi Stephano, amayi."

Amayi anatembenukira kwa iye.

"Achimwene, mawayawo anakuphunzitsani ndani?"

"Ndi experience chabe, Amayi."

"Amuna anga ali pabedi kuchipatala anandiuza kuti akuba aja anawakakamiza kulumikiza mawayawo, chikwanje chili pakhosi. Mmodzi wa anyamatawo anati, 'Bwerezaninso mdala, ndione bwino.'"

Injini inali ikulirabe.

"Stephano, ayankhe amayi," ndinatero. "Unene kuti si iwe. Please."

Anapukuta manja pathalauza pang'onopang'ono, kenako n'kutuluka pageti osathamanga n'komwe. Foni yake mpaka lero siikupezeka. Kupolisi tinakanena, koma ku Mgona komwe ankati amakhala, dzina loti Stephano salidziwa.

Sindidziwa ngati anabwera chifukwa cha galimoto kapena ine. Chomwe chimandisowetsa mtendere ndi manja aja, anzanga. Ine ndinkawakonda chifukwa anali ofewa.